Njinga Yoyezedwa ndi Dzanja

Maloboti atayaka ofiira, gulu lonse la amayi apanjinga linaima, aliyense n'kutsitsa phazi pansi ngati palibe kanthu. Gogoda yekha ndiye anapitirira. Zala zake zinkasakasaka mabuleki n'kumangowakhudza kunsonga, ndipo pamene ankati wawagwira, tayala lake linali litagunda kale tayala la mnzake wa patsogolo. Anatsetsereka pachishalo kuti aponde pansi, koma pansi panali patali. Mtanda wa njinga, chitsulo chapakati chija, unayamba wamulandira pamalo osatchulika, kenako njingayo inapendekeka n'kumugwetsera paphula pamodzi ndi amayi ena awiri.

Botolo la madzi linagubuduka mpaka m'ngalande. Dalaivala wa basi imene inaima pambali anasuzumira pawindo.

"Mwanayo sanavulale?" anafunsa.

Mwana ankanenedwayo anali mayi wa mapasa a ku sekondale. Gogoda anamuyang'ana dalaivalayo ndi diso loti akanakhala mkaka akanasasa pomwepo, ndipo bamboyo anabweza mutu wake m'basi.

Dzina loti Gogoda anamupatsa ndi anzake a ku sitolo ya mankhwala kumene ankagwira ntchito. Anali wamfupi kwambiri, ndipo chiyambire utsikana wake sankatuluka pakhomo osavala nsapato za gogoda. Anthu ankayamba kumumva asanamuone. Ku ntchito, ku misonkhano ya makolo, ngakhale kokagula buledi, zinali go, go, go. Malo okhawo amene ankavomera kuoneka mmene analengedwera anali pa njinga, Loweruka m'mawa, pakati pa amayi anzakewa.

Kaputeni wa gululo, mayi wamtali wosadziwa kuzungulira nkhani, anaimika njinga yake n'kubwera. Anayamba waona chigongono cha mayi wina amene anagwetsedwa, kenako bondo la Gogoda limene linkatuluka magazi.

"Dzuka, mnzanga. Si koyamba aka."

"Mabuleki anachedwa kugwira."

"Mabuleki sanachedwe. Zala zako ndi zimene sizinafike." Kaputeni anadzutsa njinga ija, yofiira, yonyezimira, ya matayala owonda ndi mahandulo opindikira pansi. "Lowetsa mwendo. Ima pakati, usakhale pachishalo."

Gogoda analowetsa mwendo. Kuti mtanda usamupweteke, anaima chonyang'ama, zala za kumapazi zokha zili pansi.

"Ukudziona? Mtanda ukukunyamula. Chishalo munachitsitsa mpaka chakhala pafelemu. Ukamapalasa mikono umaitambasula ngati ukuyanika zovala pachingwe. Njinga iyi si yako."

"Anandigulira ndi bambo a mapasa."

"Ndiye kuti ndi ya bambo a mapasa."

Wina kumbuyo anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Ndikuuze ndisakubisire," anapitiriza Kaputeni. "Loweruka likubwerali ndi ulendo wautali uja, wokwera phiri ndi kutsika. Potsika sindingakuike pakati pa anthu."

"Ndiike kumbuyo."

"Ukagwa kumbuyoko akuona ndani? Fupa lokakamiza limaswa mphika. Lero waswa bondo lako ndi chigongono cha mnzako, mawa udzaswa mutu wa munthu. Njinga iyi usabwere nayonso. Ukapeza ya msinkhu wako, malo ako alipo. Ikapanda kupezeka, tizionana m'misewu."

Gululo linanyamuka. Gogoda anatsala akukankha njinga yake m'mbali mwa msewu, akutsimphina, mtima ukuwira. Anali atakonzekera ulendo wautaliwo kwa miyezi. Koma chimene chinkamuwawa kwambiri sichinali phirilo ayi. Sabata yonse iye ankakhala mayi wa ana, mkazi wa mwini, wogulitsa mankhwala woimirira pakabokosi kuseri kwa kauntala. Loweruka m'mawa lokha ndi limene linali lake, ndipo tsopano analandidwa.

Pachiyambi ankapalasa ndi gululi pa njinga yakale yobwereka kwa mnansi, yolemera ngati bedi, koma yaing'ono. Pa imeneyo sanagwepo. Kenako mwamuna wake, tsiku lokumbukira kubadwa kwake, anamutseka maso ndi manja n'kumutsogolera pakhonde pamene panaima chofiira ichi. Gogoda analira ndi chimwemwe tsiku limenelo. Kuyambira pomwepo khosi linkamuwawa, manja ankachita dzanzi, ndipo poima paliponse ankachita kupemphera. Iye ankangoti wolakwa ndi iye, njinga zenizeni sazitha. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Atafika kunyumba anapeza mwamuna wake ali pampando wake wa masiku onse, miyendo patebulo, maso pafoni. Bamboyu anali woyeza malo. Ntchito yake inali kuyenda m'mapuloti ndi m'minda ndi tepi ndi timitengo tofiira, kuuza anthu pamene malire awo alekeza.

"Mwabwerako, amake mapasa? Zinali bwanji?" anafunsa osadzutsa mutu.

Gogoda anaima pakhomo. Magazi anali atatsikira mpaka m'sokosi. Anadikira dala kuti aone ngati munthuyu angadzutse maso yekha. Sanadzutse.

"Andichotsa m'gulu."

Apa m'pamene anayang'ana. "Aa, bondolo mwatani? Mwagwanso?"

"Njinga ija ndi yaikulu. Kaputeni wanena."

"Kaputeni wanuyo ndi wogulitsa njinga? Mwini sitolo ya njinga anandifunsa msinkhu wanu, ine n'kumuuza, iye n'kusankha. Mudzaizolowera. Walira mvula walira matope. Munkafuna njinga yothamanga, ndiye kugwako n'komwe."

"Miyezi yonseyi ndikuzolowera chiyani? Phula?"

"Komatu anthu ena mphatso amathokoza."

Mawu amenewa ndi amene anakolezera moto. Gogoda anali atathokoza. Anathokoza ndi pakamwa, anathokoza ndi khosi, anathokoza ndi mawondo onse awiri. Analowa m'bafa, anatsuka bala, anamata pulasitala. Anavala buluku lakuda ndi bulawuzi yoyera, tsitsi n'kulimanga pamwamba pamutu. Kenako anatsegula kabati n'kusankha nsapato zazitali kuposa zonse, chifukwa ankapita kokakangana ndi amuna, ndipo sankafuna kukangana nawo akuyang'ana m'mimba mwawo.

Anatuluka panja, anakweza njinga kumbuyo kwa galimoto ya mwamuna wake, pamwamba pa timitengo toyezera malo. Anaponyamonso chipewa chake ndi nsapato zopalasira. Mumtima anali atatsimikiza kuti zikakanika, azisiya zonse kusitoloko.

"Makiyi," anatero ataima pakati pa balaza.

"Mukupita kuti?"

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndikupita kwa mnzanu wogulitsa njinga. Kaya mundiperekeza, kaya mundipatsa makiyi."

Bamboyo anayang'ana nkhope ya mkazi wake, anayang'ana makiyi, n'kuona kuti kuli bwino ayendetse yekha.

Sitoloyo inali yaitali ndi yopapatiza, yonunkha labala ndi girisi. Njinga zinafoledwa mbali zonse ziwiri, zina zitapachikidwa kudenga chadodolido. Pakauntala panali anyamata awiri ovala zothina akusankha magolovesi. Mwini sitolo, bambo wa chimimba ndi epuloni yabuluu, anatuluka akupukuta manja.

"Bwana, mwatiyendera. Njinga ija ikuyenda bwanji?" Anafunsa akuyang'ana mwamunayo, maso akudutsa pamwamba pa mutu wa Gogoda.

"Wokwera ndine," anatero Gogoda. "Funsani ine."

"Pepani, mayi. Ikuyenda bwanji?"

"Ikuyenda bwino kwambiri. Kuima ndiye siima. Ndi yaikulu."

Mwini sitolo anaseka kaseko ka munthu amene wamva dandaulo limeneli kambirimbiri. Anaigwira njingayo, anaizunguza, anagogoda chishalo.

"Zazing'ono izi. Chitsulo cha chishalochi tichidula pang'ono chitsike. Mahandulo tiwapendeketsa akuyandikireni. Mawa lomwe mukhala mukuuluka."

"Mtandawo mudulanso?"

"Mtanda sadula, mayi."

"Ndiye miyendo yanga muitalikitsa?"

Anyamata aja anasiya magolovesi n'kutchera khutu. Mwini sitolo anatembenukiranso kwa mwamunayo, n'kutsitsa mawu ngati dokotala wouza achibale za wodwala.

"Kunena zoona, bwana, amayi a msinkhu uwu timawalangiza zija za basiketi kutsogolo. Zilibe mtanda, amangolowa ngati akulowa m'khitchini."

"Ndikukumvanitu," anatero Gogoda. "Makutu anga ali pansi pano, koma amagwira ntchito. Ine ndimakwera mapiri, bambo, sindikupita kokagula tomato. Munandigulitsa njinga musanandione. Munasankha bwanji saizi? Munalota?"

Nkhope ya mwini sitolo inasintha. Munthu wamalonda amapirira zambiri, koma osati kunyozedwa pamaso pa makasitomala.

"Mayi, musandiyankhule ngati wakuba. Ine ndinafunsa. Ndinati, mayiwo ndi aatali bwanji? Bwanawa anachita chonchi." Anatambasula dzanja n'kuliika pachibwano pake. "Anati, amalekeza apa. Ine n'kuyang'ana chibwano chawo, n'kutenga njinga ya munthu wolekeza pamenepo. Ndalakwa chiyani?"

Gogoda anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ndi dzanja?"

"Nanga si ndi pomwe mumalekeza?" anatero mwamunayo. Anali ndi mtima wa munthu wodziwa kuti miyeso siimunamiza. Anasendera pafupi ndi mkazi wake, anaima mowongoka, anaika dzanja pachibwano pake n'kulitambasulira pamwamba pa mutu wa mkaziyo. Dzanjalo linakhudza tsitsi lomangidwa lija ndendende. "Mwaona? Mwaona nonse? Ine ndimayeza malo, amake mapasa. Diso langa silinama."

"Ndi pomwepodi," anavomereza mwini sitolo.

Gogoda anayang'ana pansi, pa nsapato zake. Apa m'pamene anamvetsa zonse, ndipo mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu. Anakwiyira mwamuna wake, anakwiyira wa epuloniyo, anadzikwiyiranso yekha pang'ono, chifukwa bodza limene mwamunayu anayeza analipanga ndi iye mwini, n'kumalivala tsiku ndi tsiku. Pa ukwati wawo anavina usiku wonse osazivula, mapazi akutuluka matuza, kuti abale a mwamuna asapeze choseka. Sanavulepo nsapato pamaso pa amuna achilendo. Koma Loweruka linali kubwera, ndipo Kaputeni sankabweza mawu.

"Dzanjalo musalichotse," anatero. "Likhale pomwepo."

Anawerama, anamasula kalamba ka nsapato yakumanja, n'kutsika. Anamasula yakumanzere, n'kutsikanso. Kenako anazula chomangira tsitsi, tsitsi n'kugwera m'khosi. Anaima ndi mapazi ake pasimenti yozizira ya girisi.

Mutu wake unalekeza pathumba la malaya a mwamuna wake, pamene panali cholembera. Dzanja lija linatsala m'mwamba lokha. Pakati pa dzanjalo ndi mutu pakanatha kudutsa mphaka.

Mmodzi wa anyamata aja anayamba kuwerenga mwachidwi pepala la pa magolovesi.

"Uyu ndiye mkazi wanu," anatero Gogoda. Sanakweze mawu. "Uyu ndi amene amakupatsani tiyi m'mawa. Kunyumba ndimayenda ndi mapazi awa, bambo a mapasa. Ndimadutsa pamaso panu kangati pa tsiku? Mumandiyang'ana pokhapokha tikamatuluka, ndikakwera pazitsulo izi, kuti muone ngati ndikuyenera kuyenda nanu."

"Amake mapasa, anthu akumva."

"Amve. Pamene ndinkagwa pamaloboti anthu sankaona? Mumayeza minda ya eni mpaka kachala, kuopa milandu. Tepi imagona m'galimoto mwanu. Koma mkazi wanu mwamuyeza ndi dzanja, ngati mukuyerekeza msinkhu wa mbuzi."

"Ndinkafuna ikhale yodzidzimutsa. Ndikanakuyezani mukanadziwa."

"Yandidzidzimutsadi. Loweruka lililonse imandidzidzimutsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Osafunsa ndinu, koma wakhala akudya phula ndine."

Mwamunayo anatsitsa dzanja lija pang'onopang'ono, n'kusowa poliika. Analilowetsa m'thumba, analitulutsanso.

"Katengeni tepi," anatero Gogoda.

Mwamunayo anapita ku galimoto. Gogoda anatembenukira kwa mwini sitolo.

"Inuyo, munthu akabwera yekha mumamuyeza bwanji?"

Bamboyo anali atafewa. Anatenga kathabwa kosalala kuseri kwa kauntala. "Amaima kukhoma, opanda nsapato, msana utagunda khoma. Kathabwa aka amakaika pakati pa miyendo, n'kukakweza mpaka kagwire ngati chishalo. Ndiye timayeza kuchokera pansi kufika pakathabwapo. Umenewo ndiye mwendo, ndipo mtanda uyenera kukhala pansi pa pamenepo. Kenako timaona thunthu ndi mikono, kuti mahandulo asakhale kutali. Anthu awiri akhoza kufanana msinkhu koma njinga n'kusiyana."

"Ndiye mumadziwa."

"Ndi ntchito yanga, mayi."

"Tsiku lija ntchitoyo inali patchuthi?"

Mwini sitolo anakanda m'mutu.

Mwamuna uja anabwera ndi tepi yake yachikasu. Gogoda anaima kukhoma, pakati pa matayala opachikidwa, anagwira kathabwa mmene anauzidwira. Mwini sitolo anayang'ana kumbali mwaulemu, ndipo zinaonekeratu kuti woyeza ayenera kukhala mwini mkazi. Woyeza malo uja anagwada pasimenti, buluku lake labwino likupukuta girisi. Anakanikiza nsonga ya tepi pansi, pafupi ndi chala cha mkazi wake. Ali chigwadire choncho, pulasitala wa pabondo anali pamaso pake penipeni, ataonekera pabuluku pamene magazi anadutsa. Anayang'ananso bondo linalo, kenako zigongono zimene zinali ndi zipsera zakale. Anawerenga nambala ndi mawu otsika. Anayezanso kachiwiri, monga amachitira ndi malire okanganirana, n'kutchula yomweyo.

Anayeza thunthu, anayeza mkono. Mwini sitolo anamvetsera, anaimba kamluzu kakang'ono, n'kuyang'ana njinga yofiira ija.

"Iyi yakula ndi masaizi angapo, osati imodzi," anavomera. Kenako anakweza maso kudenga, kumapeto kwenikweni kwa sitolo. "Ilipo imodzi. Koma mwina simuikonda."

Anakoka makwerero, anakwera akupuma mwaphuma, n'kutsitsa njinga yotuwa ndi fumbi. Ataipukuta inaoneka kuti ndi yobiriwira. Inali ndi zonse za njinga yothamanga, mahandulo opindika, magiya, matayala owonda, koma chilichonse chinali chochepa. Felemu inali yaifupi, mtanda wotsetserekera kumbuyo, matayala ocheperako pang'ono, mahandulo opapatiza.

"Anthu akaiona amati ndi ya ana," anatero mwini sitolo mosamala.

Mawu amenewo anamubaya Gogoda pachilonda chakale. Moyo wake wonse ankathawa zinthu za ana. Ankagula madiresi aakulu n'kukapinditsa kwa telala, kusiyana n'kulowa mbali ya atsikana m'sitolo.

"Ndi ya ana kapena si ya ana?"

"Si ya ana. Ndi ya munthu wamkulu, saizi yomalizira. Onani mapedalo, mikono yake ndi yaifupi kuti mawondo asamakwere mpaka pachifuwa. Mabulekiwa ali ndi kasikuluwu kowasendeza kufupi ndi zala."

"Inalipo tsiku limene anabwera bambowa?"

"Yakhalitsa pamenepo."

"Bwanji simunawaonetse?"

"Mayi, mwamuna akabwera kudzagula mphatso safuna kanthu kakang'ono. Ukamuonetsa aka amaona ngati wamunyoza thumba."

"Ndiye kuti thumba lake lisanyozeke, bola mawondo anga."

Sanadikire yankho. Analowetsa mwendo pamtanda n'kuima. Mapazi onse awiri anakhala pansi, zidendene zomwe. Pakati pa mtanda ndi thupi lake panatsala mpata. Anaigwedeza njingayo uku ndi uku pakati pa miyendo yake, ndipo inamumvera. Mwini sitolo anakweza chishalo mpaka m'chiuno mwake, anachimanga, anapotoza timasikuluwu ta mabuleki. Gogoda anawerama n'kugwira mahandulo. Zigongono zinapindika zokha. Zala ziwiri zinakumbatira buleki iliyonse mpaka kumfundo.

"Nsapato zanga zopalasira zili m'galimoto," anatero osayang'ana munthu. "Ndi chipewa."

Mwamuna wake anathamangira.

Kutsogolo kwa sitoloyo kunali kamsewu kopanda magalimoto ambiri. Gogoda anapalasa mpaka pakona, anakhota osagwedezeka, anabwerera mothamanga. Atafika pakhomo pa sitolo anafinya mabuleki, njinga inaima, iye n'kutsitsa phazi. Pansi panali pomwepo. Anapitanso, anabweranso, anaimanso. Phazi linapeza pansi ngati mmene limapezera potsika pabedi.

Amuna awiriwo ankayembekezera kuti amwetulira. Sanamwetulire. Misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo inali ya ukali. Miyezi yonse ija ankadzuka m'mawa ndi mantha, ankapepesa anzake, ankadzitcha wopusa ndi wamantha, ankayeserera kuima kuseri kwa nyumba ana asanadzuke. Ndipo nthawi yonseyo yankho linali likudya fumbi kudenga la sitolo.

"Ndatenga iyi," anatero.

"Chabwino, mayi. Koma yofiirayi sindingailandirenso. Yakalikakalika mbali zonse."

"Musailandire. Mwini wake alipo. Bambo a mapasa, lowetsani mwendo."

"Ine?"

"Lowetsani."

Mwamunayo analowetsa mwendo pamtanda wa njinga yofiira. Mapazi ake anakhala pansi bwinobwino. Anagwira mahandulo, ndipo manja anafika pamabuleki ngati anabadwira pomwepo.

"Imawakhala bwanawa," anatero mwini sitolo, pofuna kusangalatsa aliyense. "Ngakhale tsiku lija anaiyesa okha. Anazungulira nayo kamsewu komweka, n'kubwera akuti ili bwino kwambiri, mayi akaikonda."

Mwamunayo anamuyang'ana ngati amumeze. Mwini sitolo anazindikira mochedwa kuti wathira mafuta pamoto, n'kuyamba kupukuta manja amene anali oyera kale.

Gogoda anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndiye munayeza ndi dzanja lanu, n'kuyesa ndi miyendo yanu. Kaputeni sananame. Landirani mphatso yanu, bambo a mapasa, ndipo muthokoze. Anthu ena mphatso amathokoza."

Analowa m'sitolo ndi mwini wake, anamaliza za njinga yobiriwirayo yekha, ndi dzina lake. Potuluka anapeza mwamuna wake atakweza kale yofiira m'galimoto, atatsegula chitseko chakumbuyo kudikira inayo.

"Bweretsani ndikweze."

"Ndipalasa."

"Ndi bondo limenelo? N'kutalitu, amake mapasa."

"Ndikudziwa kutalika kwake. Ine zinthu ndimaziyeza ndi thupi langa."

Anamanga chipewa. Mwamunayo anathamangiranso m'sitolo n'kutuluka atanyamula nsapato za gogoda zija, imodzi dzanja ili, ina dzanja ilo, atazigwira ndi timalamba.

"Nanga izi?"

Gogoda anaziyang'ana, anayang'ana mwamuna wake.

"Pitani nazo. Ndi zimene munakwatira."

Anaponda pedalo n'kulowa mumsewu. Mwamunayo anatsala ataima pakhomo pa sitolo, nsapato zili lendelende m'manja.

Sabata imeneyo m'nyumba munali mawu ochepa. Nsapato zija zinakhala pampando wakutsogolo wa galimoto, ndipo palibe anazitchula. Loweruka m'mawa Gogoda akutulutsa njinga, anapeza mwamuna wake ataima pageti ndi botolo latsopano la madzi. Maso a bamboyo anayamba apita pamene anazolowera, pamwamba pa chipewa, kenako anatsika mpaka anapeza nkhope ya mkazi wake, n'kukhala pamenepo. Gogoda analandira botololo. Sananene kuti zikomo, koma sanalikanenso.

Pamalo okumanirana, Kaputeni anaizungulira njinga yobiriwirayo.

"Lowetsa mwendo. Ima pakati."

Gogoda anaima, zidendene zili pansi.

"Finya mabuleki."

Anafinya.

"Kanjinga ka mwana wako aka?" anafunsa mayi uja wa chigongono, amene anali asanaiwale.

"Ndi yanga," anatero Gogoda.

Kaputeni analoza pakati pa mzere. "Malo ako ndi awo. Tiyeni, dzuwa likukwera."

Maloboti aja anawapezanso ofiira. Gulu lonse linaima, aliyense n'kutsitsa phazi pansi ngati palibe kanthu, ndipo Gogoda anatsitsa lake.